Kuyamba kuwerenga nkhani za matsenga za achinyamata: muyambire pati, muwerenge bwanji

Anthu ambiri amene amanena kuti nkhani za matsenga siziwalowa anagonjera pa masamba 20 oyambirira a buku limodzi lokha. Anatsegula chikuto n'kupeza mapu a dziko limene kulibe, kenako mndandanda wa mafumu, kenako mutu woyamba wodzaza ndi mayina opinda lilime, ndipo anaganiza kuti zonsezi ayenera kuziloweza pamtima asanapitirire. Palibe anawauza kuti n'zosafunika. Buku la mtundu uwu limawerengedwa potsata mwana mmodzi amene ali pakati pa nkhaniyo, ndipo dziko lonselo limadzakupezani lokha m'njira. Malangizo onse ali m'munsiwa atsamira pamenepo.

Choyamba, dziwani shelufu yake

M'malaibulale, m'masitolo a mabuku ndi pa intaneti, mabukuwa amalembedwa kuti YA fantasy, ndipo amenewa ndiwo mawu oti mugwiritse ntchito pofufuza. YA, chidule cha Young Adult, ndi gulu la owerenga a zaka 12 mpaka 18, malinga ndi mmene bungwe la malaibulale la ku America, American Library Association, limawerengera. Pansi pa shelufu imeneyi pali ya ana a zaka 8 mpaka 12, yomwe imatchedwa middle grade. Pamwamba pa YA pali mabuku a matsenga a akuluakulu, ena ofika masamba 1,000 ndipo otsata anthu khumi kapena kuposa nthawi imodzi.

Malire a magulu atatuwa si olimba. Harry Potter ali ndi zaka 11 m'buku loyamba la 1997, lomwe ndi la ana ndithu, koma pofika buku lomaliza la 2007 ali ndi zaka 17 ndipo nkhaniyo yasanduka ya nkhondo ndi maliro.

Ngati mukuyamba kumene, yambirani pa shelufu yapakatiyi, ngakhale muli ndi zaka 40. Olemba a YA amadziwa kuti wowerenga wawo sachedwa kutaya buku likamutopetsa, choncho salola nkhani kuima. Kawirikawiri mumatsata munthu mmodzi, mitu imakhala yaifupi, ndipo mavuto amayamba m'mutu woyamba kapena wachiwiri. Kuseri kwa zinjoka ndi malupanga kumakhala mafunso amene aliyense anadutsamo: ndine yani, ndikhulupirire ndani, nanga akuluakulu amene ndimawadalira akapezeka kuti ndiwo analakwitsa, nditani?

Chachiwiri, sankhani khomo lolowera

Musatenge buku chifukwa choti latchuka basi. Nkhani za matsenga zili ndi makomo angapo, ndipo ena ndi opapatiza kwa mlendo.

Khomo lotakasuka kwambiri ndi la nkhani zochitika m'dziko lathu lomweli, momwe matsenga abisika pakati pa masukulu, misewu ndi mabasi. Mwininkhani amayamba asakudziwa kanthu, monga inu, choncho mafunso onse amene muli nawo amakufunsirani ndi iyeyo. Akata Witch, buku la Nnedi Okorafor la 2011, ndi lotere. Sunny ndi mtsikana wachialubino wa zaka 12, wobadwira ku America koma akukhala ku Nigeria, ndipo amatulukira kuti pali anthu a mphamvu zobisika amene iye ndi mmodzi wa iwo. The Lightning Thief, la Rick Riordan la 2005, limatsata mnyamata wa ku New York amene amauzidwa kuti ndi mwana wa mmodzi wa milungu ya Agiriki akale. Limeneli lapendekera kwa ana, koma limathamanga ndipo Chingerezi chake n'chosavuta.

Pafupi ndi khomo limeneli pali lina, la nkhani zomwe ana a m'dziko lathu amadutsa penapake n'kutulukira m'dziko lina. Chitsanzo chakale chodziwika ndi The Lion, the Witch and the Wardrobe, la C. S. Lewis la 1950, momwe ana anayi amalowa m'dziko la Narnia kudzera m'kabati ya zovala. Nalonso ndi la ana aang'onoang'ono, ndipo munthu wamkulu angalimalize tsiku limodzi.

Khomo lachitatu ndi limene limawopseza anthu: dziko lopekedwa lonse, lokhala ndi nyanja zake, mafumu ake, milungu yake. Muno mwininkhani anabadwira momwemo, choncho sadabwa ndi zimene inu mukudabwa nazo, ndipo saima kuti akufotokozereni. Komabe muno ndi momwe muli mabuku ena okoma zedi. A Wizard of Earthsea, la Ursula K. Le Guin la 1968, ndi lalifupi, pafupifupi masamba 200, ndipo likunena za mnyamata waluso dzina lake Ged amene kunyada kunamuchititsa kumasula chinthu chimene sakanatha kuchibweza. Limayenda modekha, ndipo ndimaliona kuti ndi loyenera munthu wokonda kusinkhasinkha. Howl's Moving Castle, la Diana Wynne Jones la 1986, ndi lopepuka komanso loseketsa: Sophie, mtsikana wopanga zipewa, amatembereredwa n'kusanduka nkhalamba. Sabriel, la Garth Nix la 1995, ndi la mdima, lokhudza akufa amene safuna kukhala kumanda. Children of Blood and Bone, la Tomi Adeyemi la 2018, linamangidwa pa chikhulupiriro ndi nthano za Ayoruba a ku West Africa. Limaposa masamba 500 koma silipumitsa.

Palinso mabuku amene matsenga amangokhala chovala, pomwe mtima wa nkhani ndi wina, monga chikondi, umbava kapena kufufuza wakupha. Six of Crows, la Leigh Bardugo la 2015, ndi nkhani ya achinyamata asanu ndi mmodzi amene apangana kuthyola ndende yosathyoleka. Ndi buku labwino, koma sindingalipereke kwa munthu woyamba kumene, chifukwa mutu uliwonse umasintha munthu womutsata ndipo masamba oyambirira ndi odzaza ndi mayina a magulu ndi misewu. Likhale lachitatu kapena lachinayi.

Ngati mwawerenga zonsezi n'kukhalabe kakasi, tengani buku la khomo loyamba.

Chachitatu, fufuzani zinthu zitatu musanagule kapena kubwereka

Onani ngati bukulo ndi loima palokha kapena ndi gawo la mndandanda. Mabuku ambiri a matsenga amabwera atatu atatu kapena kuposa, ndipo chikuto sichinena nthawi zonse kuti ili ndi lachiwiri. Yang'anani pamsana pa buku, patsamba la mkati lolemba mabuku ena a mlembiyo, kapena fufuzani dzina lake pa Goodreads, tsamba la intaneti la owerenga mabuku, pomwe nambala ya buku imalembedwa pambali pa mutu. Kuyamba ndi lachiwiri ndi njira yachangu yodana ndi mtundu wonsewu popanda chifukwa. Ngati n'kotheka, buku lanu loyamba likhale lotha palokha. La Le Guin, la Jones ndi la Nix onse ali ndi otsatira ake, koma lililonse limatseka nkhani yake bwinobwino. La Adeyemi limathera m'malere, ndipo mudzafunika lachiwiri.

Onaninso ndondomeko yake. Mabuku a Narnia ndi asanu ndi awiri, otuluka kuyambira 1950 mpaka 1956, koma osindikiza ambiri masiku ano amaika nambala 1 pa The Magician's Nephew, lomwe linatuluka mu 1955, chifukwa zochitika zake ndi zakale kuposa za ena onse. Ine ndimati yambani ndi limene linatuluka koyamba. Buku lofotokoza chiyambi cha dziko limakoma kwa amene dzikolo akulidziwa kale. Lamulo limeneli limagwira pa mindandanda yambiri: mukakayika, tsatani zaka zimene mabukuwo anatulukira.

Chomaliza, buku limodzi limatha kukhala ndi mayina awiri. Northern Lights la Philip Pullman, la 1995, ku America limatchedwa The Golden Compass. Akata Witch linasindikizidwa ku Nigeria ndi ku Britain ndi mutu wakuti What Sunny Saw in the Flames. Werengani mawu a kuseri kwa chikuto kuti musatenge nkhani imodzi kawiri.

Chachinayi, dziwani zimene zili m'katimo

Chilembo cha YA sichitanthauza kuti buku ndi loyenera mwana aliyense. Pakati pa wa zaka 12 ndi wa zaka 18 pali mtunda wautali. Mabuku ena a gulu limeneli ali ndi kuphana kofotokozedwa mwatsatanetsatane, kuzunza, ukapolo, ndipo ena, makamaka osakaniza matsenga ndi chikondi, ali ndi zogonana zolembedwa poyera. Ngati mukusankhira mwana, onani zaka za mwininkhani, chifukwa kawirikawiri zimasonyeza msinkhu wa owerenga amene mlembi ankawaganizira. Kenako werengani nokha mitu iwiri kapena itatu ya pakati, osati yoyambirira yokha. Tsamba la intaneti la Common Sense Media limalemba msinkhu woyenera wa mabuku ambiri otchuka ndi kufotokoza zimene zilimo.

Pali nkhawa ina imene siyenera kusekedwa. Anthu ena opemphera sakhala omasuka ndi buku lokamba za amatsenga ndi maula, ndipo izi si zachilendo: mabuku a Harry Potter anali pamwamba pa mndandanda wa American Library Association wa mabuku amene anthu anapempha kwambiri kuti achotsedwe m'malaibulale pakati pa 2000 ndi 2009. Chimene ndinganene n'chakuti mabukuwa saima mbali imodzi. Lewis anali Mkhristu wolembanso mabuku oteteza chikhulupiriro chake, ndipo nkhani za Narnia zili ndi chithunzi cha imfa ndi kuuka kwa Khristu chosabisika. J. R. R. Tolkien, mlembi wa The Hobbit la 1937, anali Mkatolika wolimbikira. Pullman, mbali inayi, amadzudzula poyera ulamuliro wa mpingo m'mabuku ake. Matsenga a m'nkhanizi ndi opeka, ndipo mlembi amawagwiritsa ntchito pofuna kukamba za mphamvu, umbombo, mantha ndi kudzipereka. Koma chikumbumtima ndi chanu. Ngati buku lina likukusowetsani mtendere, lisiyeni, alipo ena ambiri.

Chachisanu, masamba 50 oyambirira

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, choncho ndichedwapo.

Mapu a kumayambiriro ayang'aneni kamphindi, mudziwe kuti nyanja ili kuti ndi mapiri ali kuti, n'kupitirira. Mudzabwererako apangankhani akanyamuka ulendo. Mndandanda wa mayina kapena wa mibadwo ya mafumu udumpheni, ndipo samalani nawo, chifukwa nthawi zina umaulula amene adzafe kapena amene ndi mwana wa yani. Ngati pali kachigawo kotsogolera mutu woyamba, kokamba za zaka mazana zapitazo ndi anthu amene sakuonekanso, kawerengeni mwachangu osadzivutitsa. Tanthauzo lake limadzaoneka kutsogolo, ndipo mudzakabwereza panthawiyo.

Tsopano mutu woyamba. Nachi chitsanzo chimene ndapeka kuti tione mmene ndime yoyamba ya buku lotere imakhalira:

"Usiku umene nyali ya pa Nsanja ya Oreni inazima, Mirela anali padenga la kachisi ndi kandulo yakuba m'thumba. Alonda Oyera akanamupeza, akanamudinda chizindikiro chachitatu pamkono, ndipo wa zizindikiro zitatu sabwerako ku Velimu. Koma mng'ono wake anali atagona masiku asanu ndi anayi osadzuka, ndipo phula la m'kachisi lokha ndilo linkaitana ogona."

Wowerenga watsopano amaima apa n'kuyamba kuwerenga chala: Oreni ndi kuti? Alonda Oyera ndi ayani? Zizindikiro ziwiri zoyambazo anazipeza bwanji? Velimu ndi ndende, chilumba kapena manda? Nanga nyaliyo yazimiranji? Mafunso asanu m'ziganizo zitatu, ndipo palibe limodzi layankhidwa. Akawona choncho amaganiza kuti china chamudutsa, amabwereza ndimeyo katatu, kenako amatopa.

Koma taonani zimene mukudziwa kale. Pali mtsikana amene waba. Akagwidwa, zake zada, ndipo aka si koyamba kupalamula. Wabera mng'ono wake amene akudwala nthenda yachilendo. Velimu, kaya ndi chiyani, ndi malo oipa. Zimenezi n'zokwanira kuti mutembenuze tsamba. Mafunso asanu aja mlembi wawaika dala, ndipo adzawayankha limodzi limodzi pamene yankho lake lidzakhale lofunika. Zili ngati kufika usiku mumzinda wachilendo: simuloweza misewu yonse musanatuluke m'basi, mumangotsata amene wabwera kudzakuchingamirani, ndipo pakatha masiku angapo mumapezeka kuti njira mukuidziwa.

Choncho pa mutu uliwonse dzifunseni mafunso atatu okha. Mwanayu akufuna chiyani? Chikumutsekereza n'chiyani? Akalephera ataya chiyani? Mukatha kuyankha amenewa, simunasochere, ngakhale theka la mayina simukulikumbukira.

Mayina enieniwo musalimbane nawo. Simukuwerengera gulu, choncho litchuleni dzina mmene lilime lanu lafunira, kapena ligwireni ndi chilembo chake choyamba. Dzina lofunika limabwera kawirikawiri mpaka limakhazikika lokha, ndipo dzina limene laoneka kamodzi n'kusowa linali longokometsera. Ngati apangankhani achuluka moti mukusokoneza awiri, tengani kapepala kamene mumaika posungira tsamba, mulembepo mayina asanu kapena asanu ndi limodzi ndi mawu awiri pa lililonse: "Mirela, wakuba", "Tovi, mng'ono wake". Musapitirire pamenepo n'kuyamba kulemba manotsi ngati mukukonzekera mayeso.

Chinanso chothandiza n'kuwerenga gawo loyambali mosadukiza kwambiri. Masamba atatu lero, awiri mkuja, dziko silimangika m'mutu, ndipo nthawi iliyonse mumayambanso ngati mlendo. Pezani ola limodzi kapena awiri oti mukhale pansi mpaka mutadutsa mitu itatu kapena inayi. Mukatero, buku limatha kupirira kuwerengedwa pang'onopang'ono.

Chachisanu ndi chimodzi, gwirani lamulo la matsengawo

Dziko lililonse lopeka lili ndi lamulo la mmene matsenga amagwirira ntchito, ndipo mukaligwira, nkhani yonse imatseguka. Ku Earthsea chinthu chilichonse chili ndi dzina lake lenileni lobisika, ndipo wodziwa dzinalo ali ndi mphamvu pa chinthucho, n'chifukwa chake anthu a kumeneko sauza aliyense dzina lawo lenileni kupatula amene amamukhulupirira kotheratu. Mu Sabriel muli mabelu asanu ndi awiri, lililonse ndi ntchito yake pa akufa, ndipo lililonse lingamutembenukire wolilizayo. Mu Akata Witch ndalama za anthu a mphamvu zimagwa kuchokera m'mwamba munthu akaphunzira chinthu chatsopano, kotero kuti wolemera ndi amene wadziwa zambiri.

Mukamawerenga, fufuzani zinthu zitatu. Ndani angathe kuchita matsenga, aliyense kapena obadwa nawo okha? Matsengawo sangathe chiyani? Ndipo amalipiridwa ndi chiyani? Funso lachitatuli ndilo lalikulu. Walira mvula walira matope, ndipo m'buku lolembedwa bwino palibe mphamvu yaulere. Tibwerere kwa Mirela. Tinene kuti m'mutu wachinayi tapeza kuti kandulo ija ikayaka, woyatsayo amaiwala chinthu chimodzi chimene ankachidziwa za munthu amene akumuitanayo. Pomwepo nkhani yasintha. Funso silikhalanso lakuti kodi mng'ono wake adzuka, koma lakuti akadzadzuka, Mirela adzakhala akumudziwabe? Wowerenga amene wagwira lamulo limeneli amayamba kuopa kandulo iliyonse imene yayatsidwa, ndipo mantha amenewo ndiwo kukoma kwa bukulo.

Lamulo lomweli limakuthandizani kuweruza buku. Ngati mwininkhani wapanikizika pakona ndipo mwadzidzidzi watulukira mphamvu yatsopano imene sinatchulidwepo, n'kupulumuka osataya kanthu, mlembi wakuberani. Zikachitika kawiri katatu, vuto si inu.

Si mabuku onse amene amafotokoza malamulo ake momveka. Ena amasiya matsenga ali chinsinsi, odabwitsa ndi owopsa, ndipo zimenezo si kulakwitsa, bola mavuto a mwininkhani asathetsedwe ndi chozizwitsa chongogwa.

Ngati Chingerezi si chilankhulo chanu choyamba

Mabuku ambiri a mtundu uwu amene mungawapeze ali m'Chingerezi, ndipo apa pali msampha wapadera. Mawu achilendo a m'bukumo ndi a mitundu iwiri: ena ndi Chingerezi chenicheni chimene simunakumane nacho, ena ndi opekedwa ndi mlembi ndipo mulibe m'dikishonale iliyonse. Opekawo nthawi zambiri amayamba ndi chilembo chachikulu kapena amalembedwa mopendekera, ndipo tanthauzo lake limatuluka m'ziganizo zoyandikana nawo. Musataye nthawi kuwafufuza.

Mawu enieni a Chingereziwo ambiri ndi okhudza zida zankhondo, mbali za nyumba zachifumu, maudindo, akavalo, zombo ndi matemberero. Si ochuluka kwambiri, ndipo amabwerezedwa m'buku lililonse la mtundu uwu, choncho buku lachiwiri limapepuka kuposa loyamba, lachitatu kuposa lachiwiri. Tsegulani dikishonale pokhapokha liwu labwera katatu ndipo likukulepheretsani kumva chimene chikuchitika. Mukamawerengera pafoni kapena pa Kindle, kachipangizo kowerengera mabuku, kugwira liwulo ndi chala kumatulutsa tanthauzo nthawi yomweyo, zomwe n'zabwino, koma musazolowere kugwira liwu lililonse. Musanasankhe buku, tsegulani tsamba limodzi la pakati. Mukapeza mawu enieni oposa asanu kapena asanu ndi limodzi amene simukuwadziwa, bukulo lidikire, yambani ndi lopepukirapo.

Kumvetsera buku lowerengedwa mokweza uku mukutsata ndi maso kumathandizanso, makamaka pa mayina.

Kopeza mabuku

Yambani ndi laibulale, ndipo mufunseni woyang'anira, chifukwa mabukuwa nthawi zina amaikidwa ku gawo la ana, nthawi zina ku gawo la akuluakulu. Pa Amazon Kindle ndi pa Google Play Books mungathe kuwerenga masamba oyambirira a mabuku ambiri kwaulere, ndipo imeneyi ndi njira yabwino yolawira mabuku anayi kapena asanu musanasankhe limodzi. Pa intaneti, Project Gutenberg ili ndi mabuku aulere akale amene umwini wake unatha, monga The Princess and the Goblin la George MacDonald la 1872 ndi The Wonderful Wizard of Oz la L. Frank Baum la 1900, ndipo LibriVox ili ndi mabuku otero owerengedwa mokweza ndi anthu ongodzipereka. Amenewa ndi a ana komanso Chingerezi chake n'chakale, koma ndi makolo a mtundu wonsewu. Pa tsamba la intaneti la Wattpad pali nkhani zambirimbiri zolembedwa ndi achinyamata, zina zabwino, zambiri zosakonzedwa, choncho musaweruze mtundu wonse potengera zimenezo.

Mafayilo a mabuku atsopano amene amazungulira m'magulu a pafoni ndi akuba. Mlembi sapezapo kanthu, masamba ena amasowa, ndipo masamba a intaneti amene amawagawa nthawi zambiri amabweretsa mavairasi.

Posiya buku, ndi potenga lachiwiri

Mukafika tsamba la 50 kapena 60, imani mudzifunse moona mtima. Kusamvetsa zonse si chifukwa chosiyira, chifukwa panthawiyi ngakhale owerenga akale amakhala ndi mafunso. Chifukwa chenicheni chosiyira n'chakuti mwanayo simukumulabadira, kaya apulumuke kaya afe kwa inu n'chimodzimodzi. Zikatero litsekeni popanda kudziimba mlandu, n'kuyesa khomo lina. Munthu amene watopa ndi nkhondo za mafumu akhoza kukondwa ndi nkhani ya sukulu ya matsenga, ndipo amene waona kuti ya sukulu ndi yachibwana akhoza kugwidwa mtima ndi ya akufa oyenda usiku.

Ngati buku lakugwirani, dzitetezeni kwa owulula mathero. Musalembe dzina la mpangankhani pa Google, chifukwa musanamalize n'kulemba komwe, mawu amene amadzitulukira okha angakuuzeni kuti anafa kapena kuti ndi wachiwembu. Masamba olembedwa ndi okonda bukulo amaulula zonse m'ndime yoyamba. Ndemanga za pa Goodreads, YouTube ndi TikTok ziwerengeni kapena kuzionera mutamaliza. Filimu nayo idikire. Ya Howl's Moving Castle, imene Hayao Miyazaki anatulutsa mu 2004, ndi yokongola, koma inasintha zambiri moti theka lachiwiri ndi nkhani ina.

Pa mindandanda ya mabuku atatu, lachiwiri nthawi zambiri limayenda mwaulesi, chifukwa ntchito yake ndi kusuntha anthu kuchoka pomwe loyamba linawasiya kupita pomwe lachitatu likuwafuna. Ngati loyamba munalikonda kwambiri, pirirani. Ngati munangolimaliza mokakamiza, palibe ngongole imene muli nayo kwa mlembi.

Mukamaliza buku loyamba, lembani chiganizo chimodzi chonena chimene chinakukokani: ubwenzi wa anawo, chinsinsi chimene munkafuna kudziwa, chikondi, nkhondo, kapena dziko lenilenilo. Chiganizo chimenecho n'chimene mudzauze woyang'anira laibulale kapena mnzanu wowerenga pofunsa buku lotsatira, ndipo chimathandiza kuposa kungoti "ndikufuna lina ngati limeneli". Mukasowa womufunsa, onani mindandanda ya mphoto ziwiri zoperekedwa ku mabuku a achinyamata a matsenga ndi a sayansi yopeka: Andre Norton Award, yomwe inayamba kuperekedwa mu 2006, ndi Lodestar Award, yomwe inayamba mu 2018. Musangoyang'ana opambana okha. Chaka chilichonse pamakhala mabuku angapo ofika kumapeto kwa mpikisano, ndipo pakati pa amenewo mudzapeza olemba ochokera m'zikhalidwe zosiyanasiyana amene mayina awo samveka kwambiri. Buku lachiwiri litengeni ku khomo lomwelo limene munalowera, kuti mwendo ukhazikike, ndipo lachitatu likhale la dziko lopekedwa lonse, lokhala ndi mapu ake kumayambiriro.